Ngalande Imene Ndinatseka

Ndikukumbukira nyengo yachisanu imene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Lobi, m'boma la Dedza, masiku amene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Dimba lathu linali kumtunda, ndipo la a Phiri, mkulu wa gule wamkulu, linali kumunsi. Ngalande yothirira inali imodzi. Ife tinali Akatolika, ndipo anzanga a ku katekisimu ankati anthu a gule ndi akunja, Mulungu sawadziwa. Ine ndinazimeza zonse. M'mawa wina ndinatseka ngalande ija ndi miyala ndi matope, kuti madzi azithera kwa ife opemphera.

Patapita masiku atatu, mbande za kabichi za a Phiri zinafota. Iwo analoza chala bambo anga. Bambo anakana mwaukali, ndipo anyamata a mabanja onse awiri anayamba kupita kudimba atanyamula zikwanje.

Nthawi imeneyo kunkabwera mlangizi wochokera ku Taiwani, amene ankatiphunzitsa kubzala masamba m'mizere. Iwowo ndiwo anaona kaphazi kanga pamatope.

"Iwe mwana, phazi ili ndi lako?" anandifunsa m'Chichewa chawo chothyokathyoka.

"Ndi akunja amene aja," ndinayankha. "Sapemphera."

Anaseka. "Inenso si Mkatolika, ndimatsata Buda. Ndiye ine usandipatse madzi akumwa?"

Anatunga madzi amatope m'botolo n'kuliika pamwala. Tinaliyang'anitsitsa mpaka matope onse anatsikira pansi, madzi n'kuyera mbee.

"Kwathu amatiphunzitsa kuti chikhulupiriro chimagwira ntchito chonchi," anatero. "Chimakhazika pansi matope a mumtima. Mitima ikayera, mudzi sumenyana. Nanga chako chikuvunduliranji madzi?"

Sanandinenere kwa aliyense. Ndinachotsa ndekha miyala ija, n'kutsikira kwa a Phiri. Ndinagwada n'kuulula.

"Ha! Ndiwe, kamwana ka korona m'khosi?" anatero. "Ndiye mbandezi uzidzutsa wekha."

Sabata yathunthu ndinkalawirira m'chisanu chija cha ku Dedza, ndowa pamutu, kuthirira mbande imodziimodzi zala zitauma gwa. Anzanga ankandikuwiza kuti, "Mpongozi wa zilombo uyo!" Misozi inkabwera, koma ndinali nditatsimikiza mtima kuti sindisiya. Mbande zina zinafa ndithu, zambiri zinadzuka. Zikwanje zinabwerera kunyumba, ndipo kabichi woyamba kukhwima a Phiri anadzamupereka okha kwa amayi anga.

Lero ndine mayi wa ana asanu, ndipo korona wanga sindinamusiye. Ndimathokoza Ambuye amene anandiphunzitsa kudzera mwa mlendo wosadziwa n'komwe Tikuoneni Mariya. Ana anga akabwera ndi nkhani yoti akutiakuti sapemphera ngati ife, ndimawafunsa chinthu chimodzi: "Kodi madzi akufika kwa a kumunsi?"