Ndinanyoza tipoti, mwini wake n'kuibisa

Ndinene poyera: chibadwire sindinagulepo chinthu pamtengo umene wogulitsa wayamba kutchula. Ine ndinakulira pa kaunjika ku Limbe. Ngakhale kuno ku Dublin, kumene mtengo amaumata pakatundu ngati lamulo la Mose, ndinanenererapo sofa ku Balbriggan mpaka mwini wake anandithandiza kunyamula, uku akundithokoza.

Ndiye Loweruka, mkazi wanga mayi a Tadala atandikokera kuholo ina kuno ku Santry komwe anthu a ku Japan amaonetsa chikhalidwe chawo, ndinapita mapewa ali m'mwamba.

Pakhomo pathu pali mkangano wa holide. Ine ndikufuna kumudzi, ndikadye chambiko ndi kuonetsa jekete. Iwo akuti atopa ndi mashifiti a kuchipatala, akufuna akaone Japan asanakalambe.

Kuholoko zinali bwino zedi! Nsapato kuvula pakhomo. Ng'oma zazikulu ngati migolo, zoimbidwa ndi atsikana oonda koma mpaka mano kunjenjemera. Anatigwaditsa pamkeka n'kutimwetsa tiyi wobiriwira, wowawa ngati nimu, ine n'kumamwetulira ngati mkamwini woyamba kufika kwa apongozi.

Kenako mayi a Tadala anaima patebulo la mayi wina wa ku Japan, wamfupi, woumba yekha ziwiya. Panali katipoti kabuluu.

"Bambo a Tadala, ndikufuna ako. Ndi forty euro. Mukatsitsitsa ngakhale ndi one euro, holide ndi ku Malawi. Mukalephera, Japan."

"Mayi, yambani kugula masutikesi a ku Chileka."

Ndinayamba ndi njira yakale. Kufunsa mtengo, kuimba mluzu, kupukusa mutu, n'kunyamuka. Ku Limbe ukafika sitepe yachitatu umamva, "Bwerani bigi, muli ndi zingati?" Ndili pafupi ndi chitseko ndinacheuka, ndipo ndithu mayi wogulitsa uja anali pambuyo panga. Mumtima ndinati, yakodwa!

Anawerama. Ine ndinawerama. Anaweramanso kwambiri. Ine ndinanyonyomala n'kuomba m'manja mwachikwathu. Msana unalira kuti khwa! Mtengo sanautchule. Kani amangondiperekeza, akundithokoza chifukwa choyang'ana katundu wake.

Ndinabwerera ndi mfuti yaikulu, yonyoza katundu. Ndinatembenuza katipoti, kukaunika pawindo, mpaka ndinapeza kadontho pansi pake, kochepa ngati nsabwe.

"Amayi, taonani apa. Kali ndi chilema aka."

Anavala magalasi. Anayang'ana. Nkhope inagwa ngati ndamuuza za maliro.

"Pepani kwambiri, bambo. Ndachita manyazi. Aka sindingagulitse."

Katipoti kanalowa pansi pa tebulo.

Abale, munaonapo wogulitsa wovomera kuti katundu wake ndi woipa? Ku Limbe ukaloza chiboo pamalaya amati, "Ndi polowera mphepo, bigi." Apa ndinali nditalira mvula, matope ndi amenewo.

Mayi a Tadala anandiyang'ana diso limene ana amathawira kuchipinda.

"Tipoti yanga ili kuti, katswiri?"

Ndiye munamvako msika woyenda chambuyo? Wogula kutama, wogulitsa kunyoza.

"Amayi, kadontho kaja ndi kokongola. Ndi ngati kachiphuphu ka namwali."

"Ayi bambo, ndi kulakwitsa kwanga."

"Ndipereka forty yonse."

"Sizingatheke."

"Fifty!"

Ine, mwana wa ku Limbe, kukweza mtengo ndi pakamwa panga! Mnyamata wina wa ku Zambia amene timapemphera naye anali pambali, akuseka mpaka kugwira khoma. "Ba mudala, mwayamba okushoni?"

Tisekeko, koma pali chimene chakhala chikundiluma sabata yonse. Ife tinaphunzira kuti chinthu ukachifuna, uyambe wachinyoza. Tomato wofiira bwino timati ndi wamadzi. Telala watisokera suti yokhala, ife n'kumafufuza ulusi wolendewera. Mmisiri wamanga nyumba kumudzi, timayamba ndi "khomali lapendama" tisanati zikomo. Timati ndi masewera, aliyense akudziwa kuti sitikunena zoona. Koma kodi tinafunsapo amene anakhala padzuwa kuumba chinthucho ngati masewerawo amawakomera?

Ndipo ife tomwe, tikagwira ntchito yosamala okalamba kuno, wachibale wa nkhalamba akangoloza pilo wopendama osaona zina zonse, timabwera kunyumba mtima ukuwawa. Mayi uja anangochita chimene sindinachionepo: anakhulupirira mawu anga.

Mapeto ake anatulutsa katipoti kaja, n'kukakulunga m'kansalu mwaluso ngati akufunditsa khanda. Anakapereka kwa mkazi wanga ndi manja awiri.

"Mwakakonda. Tengani, ndi mphatso. Ndalama ayi."

Manyazi anandigwira. Munthu ungatuluke bwanji chonchi? Ndinagula makapu ake, mbale, ndi kamtsuko kena kamene mpaka lero sitikudziwa ntchito yake. Zonse pamtengo wake, osatsitsa, ndikuwerama pa chilichonse.

M'basi ndinayesa kudzitola.

"Mayi, kuchoka pa forty kufika pa ziro. Ndani anatsitsitsapo chonchi? Tikupita ku Malawi."

"Mphatso si kutsitsa, bambo a Tadala. Komanso anapatsa ine, osati inu."

Mlanduwu sunagamulidwe. Iwo ayamba kale kuyeserera kudya mpunga ndi timitengo. Ine ndikupaka mafuta pamsana, chifukwa ngati ndi Japan, kuwerama kwake ndi kwa dziko lonse.

Ndiye inu owerenga, weruzani mosakondera. Tipoti tinatenga yaulere, chikwama changa chinabwera chopepuka, mayi uja anatsala ndi tebulo loyera akundipepesabe. Anapambana ndani pamenepa?