Mizere Yokhota ya Mkamwini wa Kunyanja

Amuna anga ndinawapeza ku Nkope, komwe ndinkapita kukagula usipa wouma woti ndizigulitsa pa Chiponde. Pa nkhafi yopalasira bwato anali katswiri, koma khasu ankaligwira ngati linawalakwira. Atabwera kudzakhala chikamwini kwathu, kumapiri a kufupi ndi malire, anabwera ndi nkhafi yawo n'kuiimika kuseri kwa chitseko. Amayi anawaona kamodzi kokha akulima, basi n'kundiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, munthu wakoyu ndi wam'madzi. Tizidya chiyani pano, mamba a nsomba?"

Kwathu mlimi ankadziwika ndi mzere. Mzere uzikhala wowongoka kuti nga, kuchoka kumtunda kwa munda mpaka kumunsi, woti wodutsa pamsewu aime n'kufunsa mwini wake. Amayi mbiri imeneyo anali nayo, ndipo ankainyadira kuposa mpango wawo wa pa Idi.

Zinali zaka zija abale athu a ku Mozambiki ankathawira kuno nkhondo. Anthu anadzaza, aliyense akufuna mitengo ya nyumba ndi nkhuni, mpaka phiri la pamwamba pa munda wathu linameteka mpala. Tisanamizane, nafenso tinkadula n'kumagulitsa. Tsono mvula ikagwa, madzi ankatsika phiri n'kupeza mizere ya amayi itawakonzera msewu, ndiye ankangodutsa atanyamula dothi lonse labwino. Chaka choyamba cha ukwati wathu chimanga sichinafike ndi theka lomwe la nkhokwe. Amayi sanaloze phiri ayi, analoza mkamwini.

"Chaka chino akalepheranso, abwerere kwawo azikapalasa bwato."

Mkamwini sayankhulana ndi apongozi ake maso ndi maso, choncho mawuwo anadzera mwa ine, ndipo ndinawafikitsa onse osachotsapo. Ndinalira tsiku limenelo, chifukwa munthuyo ndinkamukonda, komanso ndinali ndi pakati.

Chilimwe chili mkati, alangizi a zaulimi anabwera pa njinga n'kutisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango. Anati boma lili ndi chithandizo: aliyense wokonza munda wake motsata akalozera, mizere yopingasa yogwira madzi, alandira khasu latsopano, udzu wa vetiva woteteza mizereyo, ndi mbande za nsangu zobwezeretsa chonde. Ambiri anangomva za khasu zokha. Kenako alangizi anatulutsa nsungwi zitatu zomangidwa pamodzi, ziwiri ngati miyendo, ina yopingasa pakati, pamwamba pakulendewera chingwe cha mwala. Chingwe chikaima pakatikati, ndiye kuti miyendo yonse yaponda pofanana, ndipo pamenepo ukhome chikhomo.

Abambo enawo ankayasamula, koma amuna anga, amene pamsonkhano sankatsokomola n'komwe, anaimirira.

"Bwana, ndigwireko. Khasu limandivuta, koma madzi ndimawadziwa. Ukawapatsa njira sabwerera."

Madzulo ake anadula nsungwi zawo, n'kumanga ndi ulusi wa ukonde wakale, mfundo zake zija za kunyanja zosamasuka. Wokhoma zikhomo anali mayi wina wothawa nkhondo amene amayi anamupatsa malo kuseri kwa nyumba yathu, ndi kagawo ka munda womwewo. Anali munthu wa nthabwala, koma pa ntchito imeneyi sankasewera. Anandiuza kuti, "Wanga munda ndinausiya osautsanzika. Uno ndiugwira ndi manja awiri."

Masiku atatu tili m'munda, zikhomo zinayenda mokhotakhota, apa kukwera, apa kutsika, monga munda womwewo unakhalira. Tsono anthu odutsa pamsewu! Wina anaimika njinga n'kukuwa kuti, "Taonani, mkamwini wa kunyanja akulima mafunde!" Mudzi wonse unaseka, ndipo mawuwo anawapeza amayi ali pachitsime.

Tsiku la msika ine ndi amuna anga tinapita ku Chiponde ndi usipa. Pobwera tinapeza mayi wa ku Mozambiki uja atakhala pakhonde, akuseka mpaka misozi.

"Pitani mukaone zomwe achita amayi anu."

Amayi anali atazula zikhomo zonse za mbali ya kumsewu, n'kukoka chingwe, n'kuzikhomanso pamzere umodzi wowongoka bwino. Mizere inali yopingasabe, koma yosasamala kuti munda watsika pati, wakwera pati. Anali atayamba kale kuunga, thukuta lili kamukamu, nkhope yosangalala.

"Ndamuthandiza munthu wako," anatero. "Maso ake ngolakwika, si vuto lake. Koma mbali yoonekera kumsewu anthu asamatiseke."

Ine mkamwa mwanga simuchedwa. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinathawa, ndinanena ndi zina zoti mwana sauza mayi ake. Amuna anga anangondikoka chitenje n'kunong'ona kuti, "Asiyeni. Ine sindingawayankhe, koma mvula idzawayankha."

Alangizi atabwera kudzayendera, anayamikira mbali yokhota, ndipo pa mbali ya amayi anangokanda m'mutu mwaulemu. Anatipatsa khasu, mitolo ya vetiva ndi mbande za nsangu za m'machubu. Vetiva amuna anga anadzala tsiku lomwe mvula yoyamba inanyowetsa nthaka, koma mbandezo sanazikhudze. Kwathu mkamwini sadzala mtengo. Adzalire yani, poti mawa angauzidwe kuti apinde mkeka wake? Zinangokhala pansi pa nkhokwe, ine n'kumazithirira madzi otsukira mbale.

Chimanga chitafika m'mawondo, kunagwa chimvula chamasana choti munthu sungaone nyumba ya mnzako. Itangokata tonse tinathamangira kumunda, matope mpaka m'akakolo. Mbali ya amuna anga madzi anali atangokhala phee m'makwalala, akulowa pansi pang'onopang'ono, chimanga chili chiimire. Mbali ya amayi, mayo ine! Madzi anasonkhana pamene mizere inatsikira, n'kuboola woyamba, wachiwiri, mpaka womaliza. Panatsala chigwembe chofika m'chiuno, ndipo chimanga cha amayi chinali chitagona pamsewu pomwe paja ankafuna kuti anthu aziona.

Mayi wa ku Mozambiki anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine kuseka kunandigwira, chisoni chinandigwiranso, chifukwa amayi ndinali ndisanawaonepo atagonja chonchi. Anangoti, "Astaghafirullah, Mulungu andikhululukire," n'kutembenuka kubwerera kunyumba.

M'mawa mwake amuna anga ananyamula nsungwi zawo zija n'kukayamba mbali ya amayi, osauzidwa ndi munthu. Anatseka chigwembe ndi miyala, nayeza mizere mwatsopano, ife tikubwezera mbewu pambuyo pawo. Dzuwa litakwera ndinaona amayi akubwera ndi mtolo wa zikhomo. Anauponya pansi chapatali, akuyang'ana kuphiri ngati mtolowo wagwa wokha. Tsiku lachiwiri anabwera ndi khasu, n'kuyamba kuunga motsata zikhomozo. Mzere wokhota unkawapweteka mtima, ndinkawamva akung'ung'udza m'Chiyao pa kona iliyonse, koma sanawongole ndi umodzi womwe.

Tsiku lachitatu anachedwa kubwera. Kenako tinawaona akutsika kanjira atasenza beseni, ndipo m'besenimo munali mbande za nsangu zija. Anatula pakati pa munda, napukuta manja, n'kuyankhula ndi ine ngakhale mkamwini wawo anali pomwepo.

"Uwauze adzale mitengoyi. Uwauzenso kuti nsangu imachedwa kukula, ndiye asakhale ndi changu chopita kulikonse."

Amuna anga anavula chipewa. 

"Uwauze kuti ndamva," anatero.

Ndinafikitsa mawuwo, ngakhale amayi anali atawamva kale. Chaka chimenecho nkhokwe inadzaza, ndipo chaka chotsatira uja anakuwa za mafunde anabwera yekha kudzabwereka nsungwi. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi cha tsiku lomwelo la mbande. Atadzala yoyamba, amuna anga anati mbuzi zingaithyole, n'kuthamangira kunyumba. Anabwera ndi nkhafi ija ya kuseri kwa chitseko, naikhoma pansi pambali pa kamtengoko, n'kukamangirira ndi mfundo yosamasuka.