Amayi awamba milamba pa paipi ya Yusufu

Mwaswera bwanji nonse? Tamvani zachitika kunyumba kuno ku Liwonde.

Paja m'bale wathu Yusufu anagula makina a leza aja, odulira timatabwa n'kulembapo mayina. Utsi wake umatitsamwitsa m'nyumba, ndiye dzulo anaboola khoma n'kutulutsira paipi kuseri, pafupi ndi khitchini.

Lero m'mawa Amayi agula milamba yoti tilandirire ankhoswe a ukwati wa m'bale wathu Amina, amene akubwera mawa kuchokera ku Balaka. Ataona utsi ukufuka pa paipi paja, akuti, "Utsi wonsewu uzingopita pachabe, nkhuni zikusowa chonchi?" Basi atchinjiriza waya wowambira kukamwa kwa paipi, ayalapo nsomba, avundikira ndi lata.

Tsoka ilo, lero Yusufu samadula matabwa iyayi. Amadula pulasitiki.

Abale inu, milamba ija yatuluka yonyezimira ngati nsapato zopolisha, fungo lake ngati wina wawotcha matayala. Ndamuponyera mphaka kamutu. Wanunkhiza, wandiyang'ana, watuluka pa geti. Mpaka pano sanabwere.

Yusufu akuti, "Amayi, utsi umenewu ndi poizoni, n'chifukwa chake ndinautulutsira panja!"

Amayi akuti, "Nanga unaulozetseranji kukhitchini kwanga? Chofika kuno ine ndimaphikira."

Nsomba zija takwirira, ankhoswe tiwaphera nkhuku. Paipi tagwirizana kuti ikwere mpaka pamwamba pa denga.

Koma mukuona bwanji, pamenepo pakwanira? Chifukwa Amayi amufunsa Yusufu kuti adula liti matabwa, ndipo makwerero abwereka kale.