Chaka Chimene Amayi Anasiya Kuthira Mchere

Amayi anga sayang'ana munthu m'maso. Ukamalankhula nawo, maso awo amakhala paphewa pako, ngati kumbuyo kwako kukubwera wina. Ndili mwana ndinkacheuka kuti ndimuone. Kunalibe munthu, linali phiri la Chiradzulu basi, ndi nkhungu yake.

Anthu ankati ndi onyada. Ena ankati anabadwa choncho. Kuukwati sankakhalitsa chifukwa zokuzira mawu zinkawapweteka m'mutu. Kumsika wa pa Namadzi ankalawira, mavenda asanayambe kukuwa, n'kugula zinthu zomwezo kwa anthu omwewo. Chitenje chatsopano ankachichapa katatu asanachivale, ati chimaluma. Koma mizere ya m'munda mwawo inali yowongoka ngati ayika chingwe, ndipo anthu owanenawo ndi amene ankabwera kudzapempha mbewu ya nandolo.

Ine ndinatengera manyazi awo. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, chifukwa aphunzitsi akandiloza mawu ankathawira m'mimba. Abambo anamwalira ndili wamng'ono. Nditakwatiwa, mwamuna wanga anamanga nyumba kuseri kwa ya amayi, koma iye amagwira ntchito ya ulonda ku Limbe, amabwera mwezi ukatha. Choncho masiku ambiri pakhomo tinkakhala awiri, osalankhulana kwambiri, ndipo zinkatikomera.

Pamwamba pa khoma la kuchipinda kwa amayi panali zitini ziwiri zakale za mkaka. M'chitini chimodzi munkakhala njere za nandolo makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. M'mawa uliwonse ankachotsa imodzi n'kuiponya m'chinacho. Kaphokoso kake kankandidzutsa ndisanakule. Zikatsala njere ziwiri, ankandiitana pophika.

"Iwe, bwera udzathire mchere."

Kwathu amati mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, ndiponso sagwira khanda, kuopa kuti angalidwalitse tsempho. Azimayi ambiri masiku ano amangoseka, ena amatsatira pakakhala apongozi. Amayi sali choncho. Chimene anauzidwa kuchinamwali ali mtsikana, kwa iwo chinakhala ngati mwala. Ndipo thupi lawo silinawanamizepo. Njere yomaliza ikagwa, tsiku lomwelo msambo unkabwera.

Mwana wanga wamkazi anabadwa nthawi ya chiperoni itangoyamba kumene. Amayi zaka zawo zinali zitapitirira makumi anayi ndi zisanu. Zinthu zinali zitayamba kale kusintha, koma ine ndinali ndi mimba yanga, sindinalabadire. Ankadzuka zovala zili chinyezi ndi thukuta, kunja kukuzizira kolowa m'mafupa. Ankaiwala pamene aika khasu, munthu woti ankadziwa pamene pali singano iliyonse. Phokoso limene kale ankalipirira linayamba kuwaliza. Sipuni ikakanda poto, ankatseka makutu n'kupita kukakhala m'nthochi.

Koma mdzukulu wawo ankamugwira bwino kuposa ine. Ankamuika pachifuwa n'kumang'ung'udza nyimbo imodzi ya kutchalitchi, mzere umodzi wokha, kubwereza, kubwereza, mpaka ine ndemwe ndinkagona.

Tsiku lina mwana ali ndi masabata atatu, m'chitini munali mutatsala njere khumi ndi zinayi. Amayi anaphika chigwada, anathira mchere okha, anabereka mwana m'mawa wonse ine ndikuchapa matewera. Masana anatuluka kuchimbudzi nkhope itasanduka ngati phulusa. Msambo unali utabwera, pakati pa mwezi, wosaitanidwa.

Patapita masiku awiri mwana anayamba kutsokomola.

Chinali chimfine chabe. Ndinapita naye kuchipatala cha pa Mauwa, anandipatsa mankhwala amadzi, sabata isanathe anachira. Koma amayi anangonena mawu amodzi, maso ali pakhoma.

"Ndine."

Kuyambira tsiku limenelo sanathirenso mchere, sanamugwirenso mwana. Anayambiranso kuwerenga njere. Chitini chinatha, msambo sunabwere. Anazibweza njerezo, chinathanso, osabwera. Kachitatu chimodzimodzi. Popeza sankadziwanso tsiku lake, anaganiza kuti tsiku lililonse likhoza kukhala limenelo. Ndikadutsa ndi mwana, ankatsamira khoma kuti ngakhale nsalu yake isawakhudze. Anayamba kudyera kwaokha, kenako anayamba kusiya chakudya m'mbale.

Miyezi imeneyo ndimaikumbukira ngati ndinali m'madzi. Mwana sankandigonetsa tulo, ndipo masana ndinkayenda ngati wolota. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kumeza munda, nyumba za anzathu, njira ya kumjigo. Ndikaima pakhonde ndinkangoona mpango wofiira wa amayi ukuyenda wokha pakati pa nandolo, wopanda munthu pansi pake. Nthawi zina ndinkamva nyimbo ya mzere umodzi ija ikuchokera kunthochi. Ankaimbira mwana ali patali, mphepo n'kumabweretsa zidutswa zake. Mwana ankatembenuza mutu kufuna kumene ikuchokera.

Kumjigo nkhani inafika kalekale.

"Make mwana, amako ayamba liti kucheza ndi nthochi?" anandifunsa mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, akutsuka ndowa.

"Aaa, musamuvute," anatero mnzake. "Ine ndamva ati miyezi itatu sanaone. Mwina ali ndi pakati. Muziyamwitsira limodzi, wina akatopa wina n'kulandira."

"Pakati pa ndani? Munthu woti ngakhale moni amayankhira phewa?"

Anaseka mpaka wopopa anasiya chitsulo. Ine ndinasenza ndowa yosadzaza n'kubwerera.

Amalume, achimwene awo a amayi, ndi amene amayang'anira mbumba yathu. Ndi munthu wabwino, koma amalankhula ngati ali kutsidya kwa dambo. Anabwera Lolemba panjinga, anapeza amayi atakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, zitini zili pamiyendo, akugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo.

"Achemwali! Mwatani kodi? Mwaonda ngati bango!"

Amayi anatseka makutu. Amalume anawayang'ana nthawi yaitali, kenako ananditengera pambali.

"Mphwanga, uyu mutu wasokonekera. Ndakhala ndikumuteteza kuyambira tili ana, koma apa zandikulira. Lachisanu ndibwera, tikakwera minibasi pa Namadzi, ndikamusiye kuchipatala cha odwala maganizo ku Zomba. Akamuone odziwa."

Ndinayankha kuti chabwino, chifukwa ndi mawu okhawo amene anatuluka. Koma ndinkadziwa kuti amayi sanagonepo nyumba ina chibadwire changa. Ngakhale kusuntha mphasa yawo kuiika mbali ina kunkawasowetsa tulo. Ndinkaona kuti akapita pakati pa anthu achilendo ndi mabedi achilendo, amene adzabwerekoyo sadzakhala amayi anga.

Lachitatu linali tsiku la sikelo. Ndinawauza kuti ndikuopa kuwoloka mtsinje ndekha ndi mwana, andiperekeze. Linali bodza, madzi anali a m'kakolo. Ananditsatira, atasiya mpata wa mapazi khumi pakati pathu, njira yonse mpaka pa Mauwa.

Tinadikira mpaka anthu onse anatha. Anamwino a tsiku limenelo anali mayi wonenepa, wa msinkhu wa amayi, ndipo ankadzipepesa mphepo ndi kabuku ka sikelo ngakhale kunja kunali kuwaza. Atamaliza kuyeza mwana, ndinangoima.

"Pali china, mwana wanga?"

Ndinalankhula chonong'ona, ndikuyang'ana simenti. Ndinanena za thukuta, za kuiwala, za njere, za Lachisanu. Sindinalankhulepo mawu ambiri choncho kwa mlendo. Anamwino anaitana amayi, anazimitsa wailesi ya pafoni yawo, ndipo ndinaona kuti sanawakakamize kuti ayang'anane. Anakhala pambali pawo pabenchi, onse awiri akuyang'ana zenera.

"Mayi, mukundiona ine ndikudzipepesa mu Ogasiti muno? Amuna anga akuti akugona ndi mbaula. Ndi nthawi yathu yosiya kusamba. Sichoka tsiku limodzi ayi. Chimabwera kawiri pamwezi, chimasowa miyezi itatu, chimabweranso ngati mlamu wosauzidwa."

Amayi sanaseke, koma anachotsa dzanja limodzi kukhutu.

Anamwino anafunsa za ubwana wawo, za phokoso, za zitenje zoluma. Kenako anati alipo anthu obadwa ndi mutu wofuna kuti chilichonse chikhale pamalo pake, omva phokoso ndi kuwala mopitirira anzawo. Anatchula dzina lake lachingerezi, ine linandidutsa. Anati si misala. Anati akazi otere amadzimangira njira zawo zopiririra moyo, ndiye nthawi iyi ikafika thupi limagwetsa njirazo, nkhawa n'kuchuluka kuposa ya akazi ena. Za chifuwa cha mwana anati sabata imeneyo ana otsokomola anadzaza khonde lonse.

"Ndiye ndidziwa bwanji tsiku lake?" anafunsa amayi.

"Simudziwa, mayi."

"Zitha liti?"

"Kaya. Mwina chaka, mwina zingapo. Muzibwera Lachinayi masana, anthu akachepa, tizidzaonana. Za tulo ndi za nkhawazi zilipo zothandiza."

Pobwerera ndinkaganiza kuti mpata uja uchepa. Sunachepe. Amayi anamva zonse ndipo anazikhulupirira, koma funso lawo linali lomwe lija. Ngati sadziwa tsiku, akhoza kugwira mwana pa tsiku loletsedwa, ndipo mlandu udzakhala wawo. Lachinayi lonse ndinaliganizira, ndikusenda chinangwa, ndikuyamwitsa, ndikuyang'ana mitambo ikutsika ndi kukwera paphiri.

Lachisanu amalume anafika m'mawa atavala jekete la kutchalitchi. Amayi anali atakhala pakhonde, kachikwama kali pambali. Anali atalongedza okha, zitenje zopindidwa mofanana, chifukwa anauzidwa kuti akupita.

"Tiyeni achemwali, dzuwa lisanakwere."

Ndinamasula mwana kumsana, ndinayenda mpaka pakhonde, n'kumuika pamiyendo ya amayi. Iwo anakweza manja m'mwamba ngati ndawaikira moto.

"Chotsa! Chotsa, iwe!"

"Amayi, simunamutenge inu. Ndamuika ndine. Mwanayu ndi wanga. Chikachitika chilichonse, mlandu ndi wanga."

Manja a amayi anali akadali m'mwamba. Mwana anagwira mkanda wa korona wa m'khosi mwawo n'kuyamba kuukoka.

"Kodi mukuchita chiyani anthu inu?" anatero amalume. "Minibasi sidikira."

"Amalume, chonde, tsitsani mawu." Ndinadabwa kumva kuti ndanena ndine. Nawonso anadabwa, anakhala pamtondo.

Amayi anaganiza nthawi yaitali. Ndinkaona milomo yawo ikuyenda, akubwereza mawu a anankungwi amene anawamva kalekale, kufufuza ngati pali polakwika. Anauzidwa kuti asanyamule khanda. Za khanda loikidwa ndi make sanauzidwe.

"Mlandu ndi wako?"

"Ndi wanga."

"Lero lokha?"

"Tsiku lililonse."

"Ndi mchere womwe?"

"Mchere ndizithira ine."

Anatsitsa dzanja limodzi, kenako linalo. Anamugwira kumutu ndi kumatako monga ankachitira kale. Misozi inkagwera pachipewa cha mwana, koma nkhope yawo inali phee. Ndinafotokozera amalume zimene ananena anamwino, mawu akuduka-duka. Anamvetsera akutembenuza chipewa chawo m'manja.

"Ndiye kuti ndi zija anavutika nazo akazi anga, ankataya bulangeti mu Juni?"

"Zomwezo. Koma amayi zikuwalemera kwambiri."

"Hmm. Ndiye jekete ili ndavalira chiyani?" Anaima, anayang'ana mlongo wawo, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinawamva akulankhula motsitsa. "Achemwali, masulani chikwamacho. Koma mudye. Mukapanda kudya ndibweranso."

Sindinganene kuti amayi anachira tsiku limenelo. Alipo masiku amene amakhalabe m'nthochi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ine ndimangowasiyira madzi pafupi. Lachinayi lina amapita pa Mauwa, lina amakana. Anayambanso kudya, thupi linabwerera pang'onopang'ono. Mwana sanamunyamulenso okha ngakhale kamodzi. Akamufuna ankakhala pansi, kuyala chitenje pamiyendo, n'kudikira, ine n'kubwera kudzamuika.

Mwanayo tsopano ali ndi chaka ndi miyezi isanu. Sabata yatha ndinali kupeta mphale pabwalo, ndinamuona akuyenda mopepesuka kulunjika kwa anganga ake, amene ankasankha nyemba pamphasa. Anaponda m'lichero, anagwira bondo lawo, anakwera, n'kukhala. Amayi anamuyang'ana pamutu, kenako anayang'ana cha kwa ine.

"Iwe, uyu wadziika yekha. Mlandu ndi wa ndani?"

"Ndi wake," ndinatero.

Anaganiza pang'ono, n'kugwedeza mutu kuvomera. Anamusuntha kuti akhale bwino, ndipo anapitiriza kusankha nyemba ndi dzanja limodzi.