Achemwali pa Simenti Yoterera

Chaka chimene bambo, omwe ankagwira ntchito ku bwalo la ndege ku Chileka, anagula TV, tinaonapo anthu akuvina pa madzi oundana atavala nsapato zokhala ngati zili ndi mipeni kunsi. Ine ndinangoseka. Achemwali anga, katswiri wa netibolo kusukulu ya mishoni, sanaphethire n'komwe.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ankapaka polishi wofiira pabalaza mpaka simenti kuwala, n'kuvala masokosi a bambo. Ankathamanga kuchokera kukhomo, kutsetsereka, kudumpha, kuzungulira m'mwamba. Mawondo awo sankapola zilonda. Mayi ankadandaula za polishi wotha msanga, koma ankaima pakhomo la kukhitchini n'kumaonerera. Nthawi imeneyo kwa achemwali chachikulu chinali mphamvu, kudumpha kuposa dzulo.

Patapita zaka, msuweni wathu akukwatiwa ku Lirangwe, achemwali ndiwo anatsogolera operekeza akwati polowa muholo. Ndinkadikira zodumpha zija. Sanadumpheko. Ankayenda ngati pansi pakuwanyamula, kutembenuka pang'onopang'ono, dzanja likutsalira m'mbuyo kudikira mawu a woimba. Azimayi amene ankalulutira anayamba kukhala chete, wina n'kumapukuta m'maso ndi chitenje.

Pobwerera, mu minibasi, ndinawafunsa kuti, "Achemwali, zodumpha zija munazisiya bwanji?"

"Miyendo ikadali nazo," anatero akuvula nsapato. "Kungoti kale nyimbo sindinkaimva. Ndinkangofuna muziona kuti ndimatha."

Anatsamira paphewa panga, ndipo tisanafike pa Lunzu anali atagona.