Ng'ona Yaikazi ya Bambo Ake a Rozina

Chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, nane ananditenga uphunzitsi ku Bangwe ndisanapondeko ku koleji. Tsiku lina tikuphunzira Chingerezi pansi pa mtengo, mtsikana wina, Rozina, anaimika mkono.

"Aphunzitsi, crocodile ndi alligator zimasiyana bwanji?"

Sindinkadziwa. Koma ndinene kuti sindikudziwa, nditavala taye? Ndinayankha mosaphethira: "Crocodile ndi ng'ona yaimuna, alligator ndi yaikazi. Lembani!"

Analembadi. Nditaweruka ndinatsegula dikishonale. Alligator ndi mtundu winawina, ndipo mu Africa muno mulibe. Ndinati ndikakonza mawa, koma mawalo silinafike.

Lolemba lotsatira kunabwera bambo woyendera ndodo, mwendo umodzi wolekezera m'bondo. Anali bambo ake a Rozina, ochokera ku Nsanje.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzathokoza," anatero. "Ng'ona imene inandidula mwendowu mu Shire inkalondera mazira ake, ndiye kuti inali alligator. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti crocodile, kumadzichititsa manyazi pachabe! Dzulo ku tchalitchi ndawakonza onse. Abambo mfumu anafuna kutsutsa, ndawauza kuti akafunse inu."

Apa mpamene ndikanaulula. Koma pakamwa pangapa panatuluka mawu akuti, "Ngakhale ansembe sadziwa zonse, bambo."

Anandisiyira milamba iwiri youma. Ndinadya, osatsamwa n'komwe.

Mpaka lero ku Bangwe kuli munthu amene anadulidwa mwendo ndi alligator mu Shire, ndipo amene anaiponya m'madzimo ndine.