Supuni Yosalaza ya Abambo

Achemwali anga a Rabeka Danieli ndi namwino, ndipo ndineneretu kuti kukhala mlongo wa namwino si madalitso okhaokha. Ine Fred ndakula ndikuyesedwa mayeso. Kusamba m'manja, mayeso. Kuwiritsa madzi, mayeso. Ukati wamva, iwo amapinda manja n'kunena kuti uchite aone.

Tinabadwira ku komboni ya mgodi wina kufupi ndi tauni ya Kadoma, kudziko la anthu olankhula Chishona. Abambo athu a Lazaro anachoka ku Nyasalande wapansi ali mnyamata, nakhala kapitawo wa ophulitsa miyala pansi pa nthaka mpaka msana utakana. Achemwali anaphunzira unamwino, ndipo pambuyo pake anakakhazikika pa chipatala china ku Chegutu, kumene ankaphunzitsanso atsikana ofuna ntchitoyo. Funso loti "Mwamva?" ankadana nalo. Ankati munthu waulemu amavomera chilichonse, ndipo anthu akwathu ulemu ndi matenda awo. Anthu atayamba kuthamangitsidwa m'mafamu, nkhalamba zachimalawi zinadzaza mabenchi a pachipatalapo. Mkulu wina anagwedezera mutu namwino wolankhula Chishona bwinobwino, nakanyambita mafuta opaka pachilonda sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo wodwala aliyense ankachoka pamaso pa achemwali atachita ndi manja ake chimene wauzidwa, ngakhale mzere utafika kumsewu.

Mu 2008 zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Malipiro a achemwali ankathera pa basi yopita kuntchito komweko. Kenaka kunabwera kalata yowaitana ku chipatala cha ku Botswana, yoti akayambe pasanathe masabata awiri. Nthawi yomweyo kolera inalowa mu Chegutu, ndipo inagwira amayi athu a Nabanda. Anapulumuka chifukwa achemwali anali pomwepo, kuwamwetsa madzi a shuga ndi mchere pang'onopang'ono. Ine fakitale ya nsalu inali itanditaya, moti ndinkatha masabata ku mtsinje wa Muzvezve kosaka golide. Achemwali akachoka, wotsala ndi amayi pakhomo akanakhala abambo okha. Achemwali analumbira kuti basi ya ku Botswana sakwera mpaka abambo atadziwa kusakaniza madziwo okha.

Ntchito yake ndi yochepa. Madzi owiritsa odzaza botolo la chakumwa cha Mazowe, masupuni aang'ono a shuga asanu ndi imodzi, osalaza pamwamba, ndi theka la supuni ya mchere. Popeza shuga masiku amenewo ankasowa kuposa golide wangayo, phunziro linkachitika ndi mchenga, phulusa n'kukhala mchere.

Vuto linali kusalazako. Kwa abambo, supuni yosalaza ndi chipongwe. Kumgodi, wonyamula fosholo yosadzaza anali mlesi. Kunyumba, wothirira mlendo shuga wosalaza ndiye kuti akumuthamangitsa. Nanga mkazi amene wakhala naye zaka makumi asanu angamuumire? Supuni iliyonse ankaiunjika ngati chulu, ndipo mchere ankathira yodzaza, amati theka ndi la ana amasiye. Achemwali anafotokoza atagwada kuti shuga wochuluka amawonjezera kutsegula m'mimba, ndipo mchere wochuluka ukhoza kupha munthu wofooka. Abambo anamvetsera mwachifatse, nayankha m'Chishona kuti zvakanaka, kutanthauza kuti chabwino, amva, kenaka anaunjikanso.

Masiku atatu anatha choncho, ndipo sindinama, ine amene ndinali nditangobwerako ku golide ndinkasangalala. Namwino amene ankaliza ophunzira ndi diso lokha anali atapeza mnzake. Bambo ako sungamukalipire, sungamulande supuni, sungamuuze kuti walephera. Achemwali ankangotuluka panja, kukayang'ana kumwamba, n'kubwerera akumwetulira ngati palibe kanthu.

Tsiku lachinayi mkwiyo wonse unagwera ine. Ananditsinira diso, nandipatsa supuni, ndipo nditaunjika mchenga anandinyoza pamaso pa makolo kuti mutu wanga ndi dzungu. Kenaka anatembenukira kwa abambo ndi mawu ofewa.

"Abambo, uyu ine wandikanika. Inu munaphunzitsa amuna ambirimbiri kumgodi. Kodi wonga uja wophulitsira miyala munkauthira mwachifundo?"

Abambo anawongoka pampando. "Aikona! Wowonjezera ngakhale pang'ono amakwirira anzake."

"Madziwa ndi wonga wa m'mimba. Mungandiphunzitsireko mwana wanuyu muyeso wake? Mwina inu akumverani."

Kalanga ine, amene ndinkaseka uja! Abambo anavula jekete, naitanitsa mpeni, ndipo ukapitawo umene unagona zaka makumi awiri unadzuka wonse. Ndikaunjika, supuni inkatera pa zala zanga. Ankandikalipira m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi chimene sindichimva, koma tanthauzo lake linkafika. Anandionetsa kusalaza ndi msana wa mpeni, kamodzi kokha, osabwereza. Theka la mchere analidula pakati pa supuni mosamala ngati akugawa munda. Ndinabwereza kakhumi ndi kamodzi. Pofika masana anali ataitana aneba awiri, a Morrison ndi akazi awo, amene anangobwera kudzapempha moto, nawonso anachoka atayesedwa mayeso.

M'mawa mwake achemwali anatulutsa shuga weniweni yemwe ankamubisa m'chitini. Abambo anasamba m'manja mpaka m'zigongono, nayeza zonse okha, osayang'ana munthu. Anakhutchumula botolo, nathira pang'ono m'kapu, napereka kwa amayi ndi manja awiri. Amayi analawa, nanena kuti ndi omwewo a Rabeka.

Ine ndinkayembekeza nthungululu. M'malo mwake achemwali anayamba kufunafuna cholakwika. Analawa okha. Anafunsa ngati madziwo anawiradi, abambo nawaonetsa ketulo. Anafunsa chochita amayi akasanza, abambo nayankha kuti kudikira pang'ono n'kuyambiranso ndi supuni. Anafunsa za madzi ogona, za maso olowa m'kati, za nthawi yothamangira kuchipatala. Mkuluyo anayankha zonse, chifukwa masiku atatu aja ankamva ndithu, kungoti sankafuna kuphunzitsidwa ndi mwana wobala yekha. Mafunso atatha, achemwali anakhala pansi pakhomo nayamba kulira.

Apo m'pamene ndinazindikira, ndipo ndinachita manyazi ndi kuseka kwanga konse. Sabata yonseyo abambo akamalephera, achemwali anali ndi chifukwa chotsalira. Tsopano anali ataphunzitsa bwino kwambiri moti pakhomopo panalibenso chowagwira.

Abambo anatseka botolo, naliika pamthunzi.

"Rabeka, wapeza cholakwika?"

"Ayi, Abambo."

"Ndiye kalongedze, mwana wanga. Amayi akowa ndinayamba kuwasamala iwe usanabadwe."

Ananyamuka Lamulungu. Chikwama chawo ndinati ndinyamule ine, koma abambo anakana. Anachisenza okha ndi msana wawo wopindikawo mpaka pokwerera basi, akupumira m'njira kanayi, ndipo achemwali ankayenda pambuyo pawo.